Chimene Ndinakhudza Popinda Buluku Lako

Kabwata,
Lachinayi masana.

Lameki mwana wanga,

Wapita ku Chelstone kukatsazika azakhali ako, Zelipa akadali kusukulu, ndipo ine ndakankhira makina osokera pambali kuti ndipeze polembera. Ukudziwa kuti sukulu yanga inathera Sitandade 4, choncho ukapeza mawu opotoka usaseke. Kalatayi ndiika m'thumba la m'kati la jekete yako. Ukaiwerenge ndege itanyamuka, pamene sungathenso kundidula pakamwa ndi mawu ako aja akuti, "Amayi, mumada nkhawa ndi zilizonse."

Ndiyambe ndi cholakwa changa chachikulu, kuopa kuti ndingachikwirire ndi malangizo ena mpaka pepala kutha. Pamene unabwera ndi fomu ya maphunziro akunja, unandiwerengera funso la patsamba lachitatu: kodi m'banja mwanu muli matenda otengera kwa makolo? Ine ndinati, "Lemba kuti mulibe." Iwe unalemba. Mwana wanga, ndinakunamiza. Matendawo alipo, ndi amene anatenga atate ako, ndipo ndikuopa kuti iwenso uli nawo. Sabata yatha, nditagwada kuti ndipinde mpendero wa buluku la suti yako, dzanja langa linakhudza kumbuyo kwa chidendene chako. Pamtsempha waukulu uja pali kachotupa kolimba ngati nyemba youma. Unati, "Ndi nsapato za mpira izo, Amayi." Ndinali ndi mapini m'kamwa, ndiye ndinangopitiriza kupinda. Koma chotupa chimenecho ndikuchidziwa. Ndinasoka masokosi a atate ako zaka zonse za ukwati wathu, ndipo onse ankabooka pamalo omwewo.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Ukafika, sabata yoyamba isanathe, upite kwa dokotala akakuyeze mafuta a m'magazi. Zina zonsezi ndikulemba kuti umvetse chifukwa chake.

Iwe sungakumbukire masiku a pawindo, unali kumsana. Ufulu usanabwere, ife anthu akuda sitinkalowa m'butchala ya m'tauni. Tinkazungulira kuseri, kumene kunali kawindo kakang'ono, n'kuima pamzere padzuwa. Dzanja linkatuluka ndi phukusi lokulungakulunga, osaona nkhope ya mwini dzanja, osaonanso chimene wagula. Ukafika kunyumba n'kumasula, mafupa ndi mitsempha yokhayokha. Nthawi imeneyo atate ako anali mesenjala, wa kabudula wa khaki, woonda ngati iwe. Tinkakhala m'kanyumba kozungulira ka udzu kuno ku Kabwata, ndipo iwo ankati akamatafuna mtsempha wosatafunika, ankaseka n'kunena kuti, "Amake Lameki, tsiku lina ndidzalowera pakhomo la kutsogolo, ndidzaloza ndi chala changa ichi."

Tsikulo linafika. Linali Loweruka, mbendera yatsopano ili paliponse. Anavala tayi yawo imodzi ija, anakunyamula paphewa, tinayenda wapansi kudutsa Kamwala, kuoloka njanji, mpaka mu Cairo Road. Ine ndinaima pakhomo, koma iwo analowa ngati mwini nyumba. Analoza nyama ya pachifuwa cha ng'ombe, ija ya mafuta oyera okhuthala ngati zala ziwiri. Wodula nyama atayamba kusenga mafutawo, atate ako anati, "Ayi, ayi, asiyeni amenewo. Ndi amene ndadzera." Pobwerera, nyuzipepala yokulungira inanyowa mpaka kuonekera mbali ina. Madzulo ake mafuta akudontha pambaula, bana Mulenga, mayi wachibemba uja tinayandikana naye, anasuzumira pampanda nati, "Shani ba neba! Iyi fungo ni ya nyama olo ni ya independensi?" Tinamupatsa nthuli, iye anavina nayo mpaka pakhomo pake. Sindinaonepo atate ako atakondwa ngati tsiku limenelo, ndipo sindikufuna kuti uliganizire moipa. Linali tsiku labwino.

Cholakwa changa chinali chakuti tsiku limodzi labwino ndinalisandutsa chizolowezi cha zaka khumi ndi chimodzi. Loweruka lililonse nyama yomweyo. Mafuta otsala m'poto ndinkawathira m'chitini, akauma n'kumakazingira mazira awo a m'mawa, ena n'kupaka pa buledi. Anakwezedwa pantchito kukhala kalaliki, tinapatsidwa nyumba ino ya malata, ndipo mimba inayamba kutsogola. Mabuluku awo ndinawakulitsa katatu, ndipo nthawi iliyonse ndinkamasula ulusi ndikuimba nyimbo. Kutchalitchi amayi anzanga ankagwirana zigongono n'kumati, "Taonani a Daka mmene asalalira. Amake Lameki ndiye amadziwa kusunga mwamuna." Ndinkayang'ana pansi ngati wamanyazi, koma mumtima ndikunyada. Lameki, kumene ukupitako udzapeza anthu okukonda, mwina ndi mkazi amene adzafune kukusunga. Chikondi chake usachiyeze ndi mafuta a m'mbale. Uthokoze kwambiri, udye pang'ono.

Cholakwa chachiwiri, ndinaona zizindikiro koma ndinazipatsa mayina ena. Pazikope za atate ako panatuluka timawanga tachikasu, tofewa ngati batala. Ndinati ndi dzuwa, ndinawapaka ndimu. Zotupa za kuchidendene ndinati ndi nsapato, monga wanenera iwe. Atayamba kuima panjira pochokera kutchalitchi, dzanja lili pachifuwa, ndinati ndi chilungulira, ndinawasungunulira soda m'kapu. Ine amene ndimaona ulusi umodzi ukapatuka pa nsalu ya mayadi khumi, mwamuna wanga ndinalephera kumuona. Thupi lako likakuuza kanthu, Lameki, usalithandize kupeza chifukwa chabodza. Kafunse amene anaphunzira.

Tsiku lina anagwa kuofesi, anzawo n'kuwatengera kuchipatala chachikulu. Dokotala wake anali wachinyamata wa kwathu kum'mawa, wongobwera kumene kuchokera kumaphunziro. Ndinadabwa kuti munthu wadwala pachifuwa koma iye akuwavula masokosi. Anagwira zidendene, anayang'ana zikope, anatenga magazi. Patapita masiku anatiitana tonse awiri, nandifunsa kuti, "Amayi, m'kati mwa ketulo yanu mumaoneka bwanji?"

Ndinati, "Moyera, adokotala. Madzi a mu Lusaka muno amasiya choko. Ndimapala ndi supuni mwezi uliwonse."

Iye anati, "Nanga kukamwa kwa ketuloyo, kumene supuni sifika?"

Ndinati, "Kumeneko kumachepa, mpaka madzi amatuluka ngati ulusi."

Ndipo anati, "Ndi mmene ilili mitsempha yodyetsa mtima wa bambowa."

Ndikuuze zimene anatiphunzitsa, monga ndinazisungira m'mutu. Iwe waphunzira za makina, osati za thupi, choncho usanyozere. Anati m'magazi a munthu aliyense muli mafuta ena onga phula, dzina lake kolesitero. Si poizoni ayi. Thupi limawafuna, limamangira tizigawo take ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndiponso limapangira ndulu, imene imasungunula mafuta a m'chakudya kuti alowe m'thupi. Ambiri mwa mafuta amenewa sachokera m'mbale. Chiwindi chimapanga chokha, ngakhale munthu atamadya masamba okhaokha. Magazi amawanyamula kukagawa m'thupi monse, ndipo otsala chiwindi chomwecho chimawabweza n'kuwataya kudzera mu ndulu. Tsono m'mabanja ena anthu amabadwa ndi chiwindi chochedwa kubweza. Otsala aja amangozungulira m'magazi chaka ndi chaka, n'kumakakamira m'mitsempha, ena n'kuunjikana pazikope ndi kuchidendene. Mafuta a nyama, batala ndi zonona za mkaka zimachititsa chiwindi chotere kuchedwa koposa.

Kenaka anafunsa za abale. Atate ako anatchula akulu awo, a Yotamu, amene anagwa m'munda ku Katete khasu lili m'manja, asanamere imvi. Anatchulanso atate awo, agogo ako, amene anapita m'mawa wina akumangirira katundu panjinga. Dokotala anangogwedeza mutu. Anati mwa ana a munthu wotere ena amatengera, ena satengera, ndipo chimene chinganene zoona ndi magazi okha. Mvetsa apa, Lameki: a Yotamu anali woonda ngati mpini, nyama ankaiona pa Khirisimasi pokha. Usadzinamize kuti poti nthiti zako zimawerengeka ndiye kuti uli bwino. Sabata yoyamba, mwana wanga.

Cholakwa chachitatu ndi chimene chimandiwawa ndikamadutsa pa butchala. Dokotala anatipatsa malamulo a kadyedwe, ndipo miyezi iwiri tinawasunga. Chitini chija ndinataya. Koma Loweruka lina atate ako anabwera ndi phukusi lonyowa m'khwapa, akuyenda monyang'ama ngati mwana wakuba shuga. Ndinati, "Atate a Lameki, bwezani zimenezo." Anakhala pampando, anayang'ana ndiwo za repu zimene ndinaphika, nati, "Amake Lameki, ndinadikira zaka makumi atatu kuti ndilowe pakhomo lija. Lero kamnyamata ka jasi loyera kandibwezere pawindo?" Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo ndinaphika. Ndinati kamodzi kokha. Loweruka lotsatira ndinatinso kamodzi kokha. Chaka chisanathe anapita, m'mawa, akumanga zingwe za nsapato, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Iwe unali kusukulu yogonera komweko, Fomu 2. Dokotala uja anandiuza pambuyo pake kuti nyama yokha siinawaphe, mitsempha inali itatsekeka kale, koma sananene kuti siinafulumizitse. Ndinaopa kuwakhumudwitsa Loweruka limodzi, ndipo tsopano ndakhala Loweruka lililonse popanda iwo. Iwe ukapatsidwa malamulo, udzakhala wekha, wopanda wokuletsa. Udziletse wekha.

Tsopano za pamaliro, zimene unaona ndi maso ako koma sunazimvetse. Abale atasonkhana, azakhali ako anaima pakati pa bwalo akulira nati, "Mlongo wanga amudya anzake a kuofesi! Munthu angokwezedwa dzulo, lero wagwa ngati nkhuku?" Onse anavomera. Ine ndinali ndi mawu a dokotala m'kamwa, koma ndinawameza. Ndinadziwa kuti ndikangotchula mafuta, maso onse atembenukira kwa amene ankaphika. Akanati mkazi wapha mwamuna ndi poto. Ndiye ndinangofunda chitenje kumutu n'kukhala chete, ndipo iwe unakula ukudana ndi anthu osalakwa. A Banda aja, amene ankagwira ntchito tebulo limodzi ndi atate ako, anabwera kudzakuona utakhoza mayeso, iwe unakana kuwapatsa dzanja. Ndinaona, koma ndinakulekerera. Munthu ameneyo ndi amene ananyamula atate ako kuwatsitsa masitepe tsiku limene anagwa. Bodza langa silinayambire pa fomu yako, linayambira pamenepo.

Cholakwa chachinayi ndi chimene ndikufuna uchimve bwino, chifukwa ndimakudziwa. Ukawerenga zonsezi udzachita mantha, ndipo mantha ako ndi ofanana ndi anga, amapyola malire. Maliro atatha ndinalumbira kuti m'nyumba muno simudzalowanso chilichonse chokhala ndi mafuta. Ndinaletsa nyama. Ndinaletsa mazira ndi mkaka. Kapenta, nsomba zing'onozing'ono zouma zija, ndinaona kuti amanyezimira akamakazingidwa, ndinaletsa. Nsinjiro nazo ndinaletsa, poti ndinamva kuti saladi, mafuta ophikira aja, amayenga kuchokera ku mtedza. Nyemba ndinkati n'zolemera m'mimba mwa mwana. Iwe unapulumuka chifukwa kusukulu ankakudyetsani nyemba za anankafumbwe tsiku ndi tsiku, zimene unkadandaula m'makalata ako onse. Koma Zelipa anali ndi zaka ziwiri, nditangomuletsa kuyamwa. Ndinkamupatsa phala la ufa woyera ndi shuga, masana kansima ndi msuzi wa masamba. Masaya anayamba kutupa, mapazi naonso. Ndinaganiza kuti ndi mafuta a atate ake ayamba, ndiye ndinachepetsanso chakudya. Tsitsi linafiira, linayamba kuthothoka, mwana analeka kusewera, n'kumangolira kulira kopanda mphamvu.

Kusikelo tinapeza a Sisitala Lungu, mayi wamkulu thupi, wa mawu ngati belu. Anadina phazi la Zelipa ndi chala chachikulu, dzenje linatsala osabwerera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Imwe amai, muvala bwino so, manje mwana mumudyesa chani? Mphepo?" Nditawafotokozera zonse, ukali unawathera. Ndinali ndi juzi m'manja, imene ndinkaluka podikira pamzere. Anaitenga nati, "Ulusi uwu munaugula?"

Ndinati, "Ayi, ndinamasula juzi yakale ya malemu bambo ake."

Anati, "Ndiye mukudziwa kale zimene ndikufuna kunena." Anasiya chinyanja cha m'tauni, nayamba kulankhula pang'onopang'ono ngati kwathu. Anati nyama, nsomba, mazira, nyemba ndi mtedza zili ndi chakudya chomanga thupi, chimene amachitcha mapuloteni. Munthu akadya, m'mimba ndi m'matumbo zimamasulidwa ngati juzi yakale, mpaka kutsala timaulusi tating'ono totchedwa ma amino asidi, ta mitundu pafupifupi makumi awiri. Magazi amatitengera kuchiwindi ndi m'thupi monse, ndipo thupi limalukanso juzi yakeyake: minofu, khungu, tsitsi, ngakhale magazi amene. Mitundu ina ya timaulusiti thupi limapota lokha, koma ina silingathe, iyenera kuchokera m'mbale. Ukasowa mtundu umodzi, kuluka kumaima, monga ine ndimaimira ulusi wofiira ukatha ngakhale wobiriwira uli wodzaza dengu. Chimanga chili ndi mitundu ina, nyemba zili ndi imene chimanga chikusowa, ndiye zikadyedwa pamodzi zimakwanirana. Anati kutupa kwa Zelipa sanali mafuta, anali madzi. Mapuloteni a m'magazi ndi amene amagwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha, ndipo akachepa madziwo amathawira kumapazi ndi kumaso.

Ndinafunsa ngati ndingamudyetse zambiri Lamulungu kuti zimukwanire sabata yonse. Anaseka mpaka kachipewa kawo koyera kanapendekeka. Anati thupi lili ndi nkhokwe ya mafuta, koma nkhokwe ya mapuloteni lilibe. Otsala chiwindi chimawaphwanya, zinyalala zake impso zimataya m'mkodzo, chotsalacho chimasanduka mphamvu kapena mafuta. Ndipo tsiku limene sunadye, thupi limamasula minofu yako yomwe kuti lipeze ulusi. Choncho pang'ono, koma tsiku lililonse. Zelipa anagona m'chipatala masabata atatu. Titatuluka ndinayamba kusinja kapenta ndi mtedza n'kumathira m'phala lake. Tsiku limene anandilanda supuni n'kundimenya nayo pamphuno, ndinalira ngati wamisala. Iwe ndinakulembera kuti anadwala chikuku.

Waona tsono, mwana wanga. Mmodzi ndinamuwononga ndi kudyetsa, wina ndinatsala pang'ono kumupha ndi kumana. Iwe uyende pakati. Ndinafunsa mayi wachizungu wa ku Kabulonga, amene ndimamusokera makatani, za chakudya cha ana asukulu kwawoko. Anawerenga pa zala: soseji, nyama ya nkhumba yokazinga, mazira m'mawa uliwonse, batala, tchizi, mbatatesi zokazinga m'mafuta a ng'ombe. Anaona nkhope yanga nati, "Kodi ndanena choipa?" Kuno timaima pamzere kuyambira m'mawa kudikira botolo limodzi la saladi, ndipo ndimadandaula pamodzi ndi anzanga, koma mumtima ndimati mwina kusowaku n'kumene kwakusunga mpaka lero. Uko kulibe mzere. Zonse zidzakhala patebulo, ndipo udzakhala ndi njala ya mwana amene anakulira m'nyumba ya mayi wamantha.

Ndiye tamvera. Nyemba ndi nandolo zilipo kulikonse, ndafunsa, ena amagulitsa za m'zitini. Nsomba udye, yowiritsa kapena yootcha. Nkhuku uchotse khungu. Nyama yofiira usenge zoyera zonse, usachite manyazi kuzisiya m'mbale ngakhale anzako akuseke. Ndakuikira nsinjiro m'chitini cha tiyi ndi kapenta wouma m'kathumba ka nsalu, pansi pa malaya. Akakulanda pabwalo la ndege usakangane nawo. Fodya usayambe, dokotala anati ndi mnzake wa matendawa. Uziyenda wapansi ngakhale kuzizire, juzi ndakulukira ziwiri. Koma usalumphe chakudya chifukwa cha mantha kapena chifukwa cha mabuku. Ndipo zonsezi sizilowa m'malo mwa dokotala. A Yotamu ankadya zopanda mafuta kuposa mmene iwe ungadyere, koma anagwabe. Ndamva kuti kunjako kuli mankhwala othandiza chiwindi chotere, amene atate ako sanawapeze. Sabata yoyamba, Lameki, usadikire kuti uzolowere kaye.

Udzandifunsa chifukwa chake ndinati ulembe kuti mulibe. Ndinaona mmene unagwirira fomu ija, ndi manja awiri, ngati mbale yodzaza. Ndinaopa kuti akaona matenda a mtima m'banja, malo ako apatsa mwana wa wina. Ndinadziuza kuti ndiwe woonda, umathamanga, unatengera ine. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudziuza zimenezo, mpaka dzanja langa linakhudza chidendene chako. Sindikudziwa ngati kunena zoona kudzakuvutitsa kumeneko. Mwina sadzasamala n'komwe. Koma ngati atati ubwerere, bwerera. Chipinda chako ndidzachisesa, ndipo amene adzaseke adzaseke ine. Ndinaperekeza kale mwamuna mmodzi wa m'nyumba muno amene anthu ankamuyamikira kuti zake zikuyenda. Sindikufuna kuyamikiridwa kotero kachiwiri.

Inenso ndili ndi mbali yanga, sindikukutuma wekha. Lolemba ndipita ndi Zelipa kuchipatala akamuyeze, ndapempha kale kalata kusikelo. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndikwera basi ya ku Chelstone kukawauza azakhali ako zimene ndinameza pamaliro, chifukwa ana awo naonso ndi magazi omwewo. Adzandikalipira, mwina adzandithamangitsa pakhomo. Ndipita ndithu. Ndikatero ndidzafunafuna kumene a Banda akukhala masiku ano.

Ukadzandilembera, usayambe ndi za chisanu kapena za nyumba zitalizitali. Mzere woyamba unene kuti wapita, wachiwiri unene zimene apeza, zabwino kapena zoipa, osachepetsa. Ine ndinakubisira, iwe usandibwezere.

Ndipo akadzakufunsa chifukwa chake fomu ikunena zina pamene iwe ukunena zina, usadzitengere mlandu. Uwaonetse kalatayi, uwamasulire m'Chingerezi mawu ndi mawu. Uwauze kuti mnyamatayu analemba zimene anauzidwa ndi amake. Ndalemba dzina langa lonse pansipa, mmene lilili pachitupa, kuti adziwe amene ananama.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine amako,
Esinati Tikambenji Daka